Dzino Lachitsulo la a Zelifa

Kwa Kaduya, kumunsi kuja kumene minda ya chimanga imathera n'kuyamba madambo a mpunga, munthu sankasoka thumba la mbewu a Zelifa asanalume. Silinali lamulo la boma ayi, zinangokhala choncho basi. Mpunga ukamwetedwa, kupunthidwa, kupetedwa n'kuyanikidwa pa malona kuseri kwa nyumba ya kalabu ya alimi, amayi ankakhala pamthunzi, singano ndi chingwe zili pamiyendo, kudikira mayi mmodzi wamfupi, wamawu aakulu kuposa msinkhu wake, kuti abwere adzaweruze.

Kagwiridwe kawo ka ntchito kanali kotere. Ankapisa dzanja pansi penipeni pa mulu, osati pamwamba pamene dzuwa lapsompsona, n'kutapa mbewu zingapo. Ankazifikisa m'manja kuti mankhusu achoke, n'kuuzira. Akatero ankaika kambewu kamodzi pa dzino la m'mbali chakumanja, n'kutsinzina, n'kuluma. Mpunga wouma umati kha! n'kuduka pakati. Wauwisi umangofwanyika mwakachetechete. Izi aliyense amazidziwa, ngakhale inuyo mukhoza kuyesa. Koma pali mpunga wina wabodza, wouma kunja pamene mkati mudakali chinyontho, ndipo umenewo ndi umene umapha anthu ndi njala. Umachita chuku m'thumba, ndiye pofika nthawi yofesa umamera wapatalipatali ngati ndevu za mnyamata. Mpunga wabodzawo a Zelifa okha ndiwo ankaugwira. Akati "Sokani," anthu ankasoka. Akati "Dzuwa lina," ngakhale amene anali atakonzeka kale kupita kumsika ankamasula mpango m'chiuno n'kuyamba kuyalanso.

Tsono dzino loweruziralo linali lachitsulo. Akaseka linkang'anima mpaka munthu wa kutsidya kwa ngalande ankaliona.

Analipeza bwanji? Pa ukwati, taonani inu. Adakali mayi wachitsikana, mwana wawo Ennie ali kumsana, anapita ku ukwati wa msuweni wawo cha ku Fort Lister. Ophika anapeta mpunga mwaulesi, ndiye a Zelifa atangotapa kachiwiri, mwala uja gwa! Dzino linasweka pakati, ukwati wonse iwo n'kuvinira atagwira tsaya. Achimwene awo amene ankagwira ntchito ku Limbe anawatengera kwa dokotala wa mano kumeneko. Dokotalayo anasema dzino lotsalalo n'kuliveka chisoti chachitsulo, ndipo anawalangiza bwinobwino kuti chisoti chotere chimakhala zaka khumi, mwina kupitirirako pang'ono, bola munthu asamalume zinthu zolimba, komanso azibwera kudzachionetsa. A Zelifa anayankha mwaulemu kuti, "Ndamva, adokotala." Basi isanatuluke n'komwe mu Limbe anali atagula kale chimanga chootcha pawindo kuti aone ngati chitsulocho n'chenicheni. Kukachionetsa sanapitekonso.

Luso lomva mpunga analiphunzira kwa mayi awo, amene makolo awo anabwera ndi mbewu kuchokera ku Mozambique, ndipo analidziwa dzinolo lisanasweke. Koma anthu ndi anthu. Ataona chitsulo chikung'anima anagamula kuti nzeru zonse zili mmenemo. Ena ankati dokotala wa ku Limbe anaikamo kamakina. Ana ankati agogo aja ali ndi wailesi m'kamwa. A Zelifa sanatsutse, ankangoseka kuti dzinolo lioneke bwino. Ndipo tinene zoona, zaka zitapita, iwo eni ake anayamba kukhulupirira theka la nkhaniyo.

Nanga akanaleka bwanji kunyada? Analera ana awo onse ndi mpunga wa m'dambo lomwelo. Chaka cha namondwe uja, madzi atakokolola minda kuchokera ku phiri la Michesi mpaka kumunsi, midzi yoyandikana inabwera kudzapempha mbewu ku kalabu ya kwawo, chifukwa mbewu ya kumeneko, imene inasungidwa pamwamba pa thandala, inamera yonse waa ngati udzu. Anthu ankati, "Imeneyi ndi yoluma a Zelifa." Dzina lawo linafika mpaka kufupi ndi nyanja ya Chilwa, miyendo yawo isanapondeko.

Amene ankawanyamula pa njinga kupita nawo kuzoweruzazo anali amuna awo, a Goliati. Amene anawapatsa dzinalo anali ndi chiyembekezo chachikulu, koma a Goliati anakula mpaka pakati n'kuleka. Anali bambo wochepa thupi, wofatsa, mkamwini wochokera kuseri kwa phiri, wokonza njinga pansi pa mtengo wa mango. M'mudzimo ambiri sankawatchula n'komwe dzina, ankangoti "amuna awo a Zelifa," iwo n'kuyankha opanda chodandaula. Anzawo akamawaseka kuti akukhala ndi mkazi waukali, ankangoti, "Wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima," n'kupitiriza kupopa tayala.

Mavuto anayamba mwakachetechete. Madzi a mumtsuko anayamba kulasa pa dzinolo. Kenako m'kamwa munayamba kumveka kafungo kamene mswachi sunkachotsa. Kenako chisoticho chinayamba kugwedera, lilime likachikhudza chinkati gwedegwede. A Zelifa sanauze munthu, ngakhale a Goliati. Ankadziuza kuti mwina ndi mphepo chabe.

Tsiku lina mmawa, mpunga uli m'munda utayamba kufiira, anali kudya mbatata yootcha pakhonde, n'kumva chinthu cholimba m'kamwa. Analavulira m'dzanja. Chisoti chija! Anathamangira ku galasi la njinga n'kuyasamula. Pamalo pa dzino lotchuka m'dera lonse panali kachitsa kakuda bii. Mantha anawagwira, osati a ululu ayi, koma akuti anthu akamva, adzasoka matumba osawadikira.

Anapita pansi pa mtengo wa mango chisoti chili m'dzanja.

"Bambo a Ennie, bweretsani kuno solushoni uja mumamatira machubu."

A Goliati anayang'ana chisoticho, n'kuyang'ana akazi awo. "Mukufuna mumate dzino ndi solushoni?"

"Nanga chubu mukamata sichigwira? Matani msanga anthu asanadutse."

"Ayi."

A Zelifa anaganiza kuti sanamve bwino. Liwu limenelo sankalidziwa kuchokera pakamwa pa bambo ameneyu.

"Mwati chiyani?"

"Ndati ayi, mayi a Ennie. M'kamwa mwanu si tayala. Valani nsalu yabwino, tikupita kuchipatala."

Anakalipa njira yonse. Anakalipira njinga, anakalipira maenje a mumsewu, anakalipira ngakhale msuweni uja amene anakwatiwa kalekale ndi mpunga wake wamiyala. A Goliati ankangopalasa.

Kuchipatala anakumana ndi dokotala wa mano wachinyamata, a Wanangwa, wochokera ku Rumphi, amene Chichewa chake chinkamveka kuti chayenda ulendo wautali. Anatenga chisoticho ndi kachitsulo kopanira n'kuchikweza kuwindo. Pamwamba pake panali patabooka kabowo, kuwala kunkadutsa.

"Amayi, ichi chakhala m'kamwa mwanu nthawi yaitali bwanji?"

"Ennie wanga anali kumsana. Pano Ennie ali ndi ana ake, wamkulu ali ku sekondale."

A Wanangwa anaimba mluzu. "Zotere zimakhala zaka khumi, zikalimba khumi ndi zisanu. Chanuchi chagwira ntchito ya zisoti ziwiri. Sindinaonepo chofika apa."

A Zelifa anatembenuka pampando. "Mukumva, bambo a Ennie? Akuti sanaonepo." Anali ndi kachitsa kowola m'kamwa, koma ankanyadira ngati apambana chiwonetsero cha zaulimi.

"Koma chikomekome cha mkuyu, amayi," anapitiriza dokotalayo. "Chitsulo sichiwola, chimene chimawola ndi dzino lili pansi pake. Chisoti chikakalamba chimasiya mpata m'mphepete, zakudya n'kumalowa. Mwamwayi muzu udakalipo. Ine ndiyeretsa n'kutseka, kenako ndikutumizani ku Blantyre akakuvekeni chatsopano. Koma muzuwu watsala wopyapyala. Mukaluma cholimba ung'ambika, ndipo ukang'ambika palibenso chovekera, n'kuzula basi."

Anawaunikanso m'kamwa monse. Kumanzere otafunira anali atazulidwa kale zaka za uchembere, akutsogolo anali ogwedera. Mbali yokhayo yakumanja ndiyo inkagwira ntchito yonse. "Limeneli likapita, muzidya phala mpaka kalekale," anatero. "Ndiye nzimbe ayi, chimanga chokazinga ayi, mafupa ayi."

"Nanga mpunga wosaphika?"

"Wosaphika? Mukuudyeranji wosaphika?"

A Goliati anafotokoza mwachidule ntchito ya akazi awo. A Wanangwa anamvetsera mwaulemu, anayang'ananso kabowo ka pachisoti paja, n'kugwedeza mutu monga munthu amene wapeza yankho.

"Pepani amayi. Ngakhale kambewu kamodzi."

Pobwerera a Zelifa sanakalipe, ndipo a Goliati anaopa chetelo kuposa phokoso la popita.

Ku Blantyre anapita kawiri, Ennie akuwaperekeza, ulendo woyamba kukayezedwa, wachiwiri kukavekedwa. Chisoti chatsopanocho chinali choyera, chofanana ndi dzino lenileni moti munthu sakanatha kuloza kuti ndi liti. Ennie anawomba m'manja. "Amayi, mwabwerera utsikana!" Koma a Zelifa atadziyang'ana pagalasi anaona nkhalamba wamba, yonga ina iliyonse ya pamzere wa kuchigayo.

Kumudzi nkhani inafika iwo asanatsike minibasi. Pachitsime anthu ankawapatsa moni wautali kuti aseke, akaseka n'kumasuzumira m'kamwa. Ena ankayamikira kuti akongola. Koma akangotembenuka manong'onong'o ankayamba, akuti mphamvu zija zatsala ku Blantyre, akuti madokotala achotsa kamakina kaja kuti akakaike mwa munthu wina. A Rozaria, wapampando wa kalabu, mayi wanzeru amene anakulira limodzi ndi a Zelifa, anabwera kudzawazonda n'kunena mofatsa kuti, "Achemwali, mwatigwirira ntchito nthawi yaitali. Chaka chino pumulani, tiona chochita." Anali mawu achikondi ndithu, koma a Zelifa akanakonda kutukwanidwa.

Mpunga unamwetedwa. Wa mbewu unayanikidwa pa malona, milu ya mabanja onse a mu kalabu. Dzuwa linawala bwino masiku oyamba, koma tsiku lina chakumasana mphepo inatembenuka. Pampata wa pakati pa Mulanje ndi Michesi panatulukira mtambo woyera, wotsika, ukukwawa kubwera kuchigwa. Chiperoni! Aliyense wa kuno amachidziwa, kamvula kawazawaza kozizira kamene kakabwera sikafunsa kuti kachoke liti.

A Zelifa anauona mtambowo ali pakhonde. Palibe amene anabwera kudzawaitana.

"Bambo a Ennie, tulutsani njinga."

Atafika kuseri kwa nyumba ya kalabu anapeza chipwirikiti. Amayi anali kuwola mpunga ndi malichero, abambo atagwira matumba kukamwa. Matumba angapo anali atasokedwa kale, ataimikidwa pakhoma. Ataona zingwe zija, a Zelifa anamva kuwawa mumtima kuposa tsiku limene mwala unaswa dzino.

"Wanena kuti musoke ndani?"

Malichero anaima. A Rozaria anabwera akupukuta manja pa chitenje. "Ndine, achemwali. Ndaluma ndekha, walira bwinobwino. Taonani kumwambaku."

A Zelifa analunjika pa malona. Anagwada pa mulu wa pakati, anapisa dzanja pansi, anafikisa, anauzira. Dzanja linapita lokha kukamwa monga mwa masiku onse. Kambewu kanakhala pa dzino loyera lija, kozizira, kolimba. Anthu onse ankayang'ana nsagwada zawo. Kuluma kamodzi kokha, kamodzi basi, dzina lawo likanabwerera pamalo pake.

"Mayi a Ennie," anatero a Goliati chapansipansi kumbuyo kwawo.

A Zelifa analavulira kambewuko m'dzanja. Wina kumbuyo anati, "Paja tinanena."

"A Rozaria, bwerani mulume pafupi ndi ine, ndimve," anatero a Zelifa.

A Rozaria anasendera n'kuluma. A Zelifa anatchera khutu, koma mphepo inkawomba malona, matumba ankachita phokoso, ndipo chimene anamva chinali kaphokoso kakutali kopanda tanthauzo. Anayesanso, chimodzimodzi. Apo m'pamene anazindikira chinthu chimene sanachiganizepo zaka zonsezi. Kulira kwa mpunga sankakumvera kunja ayi, kunkadzera m'fupa la nsagwada n'kukwera kukafika m'khutu. Popanda fupa panalibe chomva. Atsikana ena anayamba kuseka mobisa, ndipo lichero limodzi linayambiranso kuwola.

Ndiye a Zelifa anatembenuka.

"Bambo a Ennie, bwerani kuno. Gwadani apa."

A Goliati anatsamiritsa njinga pakhoma, anavula chipewa, n'kugwada pa lona pafupi ndi akazi awo.

"Yasamulani."

Anawaika kambewu pa dzino la m'mbali. Kenako, pamaso pa kalabu yonse, pamaso pa akamwini, apongozi ndi akuluampingo amene analipo, a Zelifa anagwira mutu wa amuna awo ndi manja awiri, anaukokera kwa iwo, n'kukanikiza khutu lawo pa tsaya la a Goliati, zolimba, fupa kukhudza fupa.

Mayo ine! Phokoso limene linabuka pamenepo! Kuno kwathu nkhalamba ziwiri sizigwirana chonchi masana dzuwa likuswa mtengo, ngakhale zitakhala m'banja chibadwire cha dziko. Amayi anabisa nkhope m'zitenje. Wina analuluta. Wina anakuwa kuti, "A Zelifa, pali ana pano!" Bambo wina anaseka mpaka anataya thumba. A Goliati makutu anawatentha, maso anayang'ana pansi, koma mutu sanausunthe.

"Khalani chete nonse!" anakalipa a Zelifa osachotsa khutu. "Lumani, bambo a Ennie. Pang'onopang'ono, musachite ngati mukudya mtedza."

A Goliati analuma.

Zinabwera. Zinadzera m'fupa la mwamuna wawo n'kulowa m'mutu mwawo, zomveka bwino ngati akuluma okha. Kha! Koma pambuyo pa kulirako panatsatira kena kofewa, kokanirira, kamene munthu woima pambali sangakamve. Misozi inalengeza m'maso mwawo chifukwa cha chimwemwe, ndipo anatsinzina kwambiri kuti anthu asaione.

"Lavulani. Ina."

Anatapa kumapeto kwa mulu, anatapa pakati, anapita pa thumba limodzi losokedwa n'kutola mbewu zimene zinali pa msoko. A Goliati ankaluma n'kulavula, kuluma n'kulavula, mankhusu atawamatirira pandevu. Kuseka kuja kunazilala pang'onopang'ono. Anthu anayamba kusendera pafupi, ena atapendeketsa mitu ngati nawonso amva.

Pomaliza a Zelifa anasiya mutu wa amuna awo, anadzuka, n'kusasa chitenje.

"Dzuwa lina."

Kamvula koyamba kanali katayamba kuwaza pamikono.

"Achemwali," anatero a Rozaria, "dzuwa lake liti? Chiperoni chafika."

"Lowetsani m'nyumbamo, muyale pansi mopyapyala, mazenera akhale otsegula, muzitembenuza. Chikapita chiperoni mutulutsenso. Ndi ntchito, ndikudziwa. Koma mukautsekera m'thumba lero, mwasokera njala."

A Rozaria anawayang'ana. Umboni panalibe. Chitsulo chong'anima panalibe. Panali mayi wamfupi wa mano oyera ndi mawu ake basi, ndipo kumbuyo kwa a Rozaria kunali anthu otopa, ofuna kusoka n'kupita kukaotha moto. A Zelifa anaimirira chilili, osaphethira.

A Rozaria anatambasula dzanja kwa bambo amene anali pafupi. "Ndibwerekeni mpeni."

Anapita pakhoma, pa thumba limene anasoka iwo eni ndi manja awo, n'kudula chingwe. Mpunga unakhuthukira pa lona.

"Mwamva kale," anatero kwa anthu. "Dzuwa lina. Masulani onsewo."

Malichero anayambiranso, ulendo uno kulowera m'nyumba. A Zelifa anatembenukira kwa amuna awo. A Goliati anali chigwadire pa lona, kamvula kakuwanyowetsa dazi. Anachotsa khusu pa mlomo, anayendetsa nsagwada uku ndi uku ngati akuyesa chida chatsopano, kenako analoza milu ina imene inali isanaweruzidwe kumapeto kwa bwalo.

"Mayi a Ennie," anatero mokweza, kuti onse amve, "tiyeni, ntchito yatitsalira yambiri."